DZINA LIMODZI, NCHITO ZAMBIRI: MWALA UMENE OPHUNZIRA KOMPYUTA AMAPUNTHWAPO

Anyamata ndi atsikana ambiri a dziko lino tsopano akuphunzira luso lolemba mapulogalamu a kompyuta. Ena ali pa University of Zambia mu Lusaka, ena pa Copperbelt University ku Kitwe, ena m'makoleji, ndipo alipo enanso amene akudziphunzitsa okha madzulo ataweruka ku nchito. Milungu yoyamba ya maphunziro amenewa imayenda bwino ndithu. Wophunzira amalamula makina kuti alembe moni, makina nalemba. Amawauza kuti aphatikize manambala awiri, makina naphatikiza. Koma patsogolo pang'ono pamabwera phunziro limene pa Cingelezi amalicha method overloading, ndipo apa ndi pamene ambiri amayamba kukanda m'mutu ndi kufunafuna wowathandiza.

Phunziroli silovuta monga mmene dzina lake limaopsera. Covuta ndi cakuti wophunzira amapita kukapempha thandizo asanadziwe cimene cikumusautsa, ndipo womuthandizayo kawirikawiri amangomupatsa yankho lophikaphika m'malo momuonetsa mmene makina amasankhira. Lero tifuna tione mutu umenewu mofatsa pamodzi ndi inu owerenga athu, pogwiritsa nchito cinenero ca Java, cimene kampani ya Sun Microsystems inatulutsa mu 1995 motsogozedwa ndi James Gosling, ndipo ndi cimodzi mwa zinenero zimene ophunzira ambiri pa dziko lapansi amayambira.

Method ndi kamtolo ka malangizo kamene wolemba pulogalamu amakamanga pamodzi ndi kukapatsa dzina, kotero kuti pamene afuna nchito imeneyo angoitana dzinalo, osalembanso malangizo onse. Tingaiyerekeze ndi cigayo: munthu amapita ndi cimanga, makina nagaya, iye nabwerako ndi ufa. Zimene method imalandira zimachedwa ma parameter, ndipo zimalembedwa m'mabulaketi pambuyo pa dzina. Mu Java cinthu ciriconse ciri ndi mtundu wake. Nambala yathunthu monga 25 ndi ya mtundu wa int, nambala ya kadontho monga 12.5 ndi ya mtundu wa double, mau olembedwa ndi String, ndipo cilembo cimodzi cokha ndi char. Tsono method overloading ndi kulemba ma method awiri kapena angapo pa malo amodzi, onse a dzina limodzi, koma osiyana pa zimene amalandira.

Ife olankhula Cinyanja timacita zimenezi tsiku ndi tsiku osazindikira. Liu lakuti kumva ndi limodzi, koma munthu amamva mau ndi khutu, amamva fungo ndi mphuno, amamva njala m'mimba, amamvanso cisoni mumtima. Palibe amene amasokonezeka, popeza liu lotsatira ndilo limatiuza kuti ndi kumva kotani. Makina nao amayang'ana zotsatira dzina. Kusiyana kwake ndi kwakuti munthu amathandizidwa ndi nkhope ya wolankhula, malo amene ali ndiponso zimene zinakambidwa dzulo, pamene makina ali ndi zinthu zitatu zokha zoyang'ana: ciwerengero ca zimene zaperekedwa, mtundu wa ciriconse, ndi dongosolo limene zandandalikidwa. Cimene wolemba anali kulingalira mumtima mwake siciri m'gulu limeneli.

MMENE ZINALIRI KALE

Kale zinthu sizinali cotere. M'cinenero ca FORTRAN, cimene kampani ya IBM inatulutsa mu 1957, munthu wofuna kudziwa kukula kwa nambala, mosasamala kuti iri pansi kapena pamwamba pa ziro, anayenera kuloweza maina osiyanasiyana a nchito imodzi yomweyo: IABS ya manambala athunthu, ABS ya manambala a kadontho, ndi DABS ya manambala a kadontho otalikirapo. Pofika pa FORTRAN 77 ndi pamene dzina limodzi la ABS linaloledwa kugwira nchito zonsezi. Cinenero ca C, cimene Dennis Ritchie anakonza ku Bell Labs mu America ca m'ma 1972, cikali ndi maina ake osiyana a abs, labs ndi fabs. Katswiri wa ku Oxford, Christopher Strachey, anafotokoza mcitidwe wa dzina limodzi la nchito zingapo m'maphunziro amene anapereka ku Copenhagen mu 1967, naucha ad hoc polymorphism. Pambuyo pake Bjarne Stroustrup anaulowetsa m'cinenero cake ca C++, ndipo Java inautengera kumeneko.

Coseketsa ndi cakuti wophunzira amene akudandaula kuti phunziroli ndi lacilendo wakhala akuligwiritsa nchito kuyambira tsiku lake loyamba. Lamulo lija la println limene analembera moni wake woyamba si method imodzi ai, koma ndi ma method 10 a dzina limodzi: ina ya int, ina ya double, ina ya String, ina ya char, ina yosalandira kanthu imene imangodumpha mzere, ndi zina zotero. Math.max, imene imasankha nambala yaikulu pa ziwiri, iripo mitundu 4. Ngakhale cizindikiro cophatikiza ciri ndi nkhope ziwiri, pakuti 2 + 3 amatulutsa 5, koma "2" + "3" amatulutsa 23, cifukwa pamenepo makina akulumikiza zilembo.

NCHITO YA M'KALASI

Tiyeni titenge nchito yonga imene aphunzitsi amapereka. Wophunzira auzidwa kuti alembe pulogalamu ya munthu wogula cimanga kwa alimi, yokhala ndi ma method atatu a dzina lakuti mtengo. Tinene kuti thumba la makilogalamu 50 ndi K300, ndiye kuti kilogalamu imodzi ndi K6. Method yoyamba ilandire ciwerengero ca matumba, yaciwiri ilandire kulemera kwa cimanga cotsala cosakwana thumba, ndipo yacitatu ilandire matumba pamodzi ndi mtengo wina wa thumba ngati ogula ndi ogulitsa apangana mwina. Mitu ya ma method amenewa iyenera kuoneka motere:

static int mtengo(int matumba)

static double mtengo(double makilo)

static int mtengo(int matumba, int mtengoWaThumba)

Yoyamba ndi yaciwiri zisiyana pa mtundu, ndipo yacitatu isiyana ndi zinzake pa ciwerengero. Amene amayang'ana kusiyana kumeneku ndi pulogalamu ina yochedwa compiler, imene nchito yake ndi kuwerenga zimene munthu walemba ndi kuzisandutsa malangizo amene makina angatsate. Compiler ndiyo imasankha method yoyenera, ndipo imasankha pulogalamu isanayambe n'kuyenda komwe.

Colakwa cimene ambiri amayamba naco ndi ici. Wophunzira amalemba ma method awiri olandira int onse, nkuganiza kuti akwanitsa kuwasiyanitsa mwa kucititsa kuti ina ibweze int ndipo ina ibweze double. Compiler imakana, nkulemba kuti method mtengo(int) is already defined, ndiko kuti method imeneyi iripo kale. Wophunzirayo amadabwa, popeza m'maso mwake mizere iwiriyo ndi yosiyana. Amasintha liu lakuti matumba nkulemba makilo, koma compiler imakanabe. Amazimitsa kompyuta ndi kuiyatsanso, koma zonse zimakhala cimodzimodzi.

Cifukwa cake nciani? Maina a zolandira ali ngati cizindikiro cimene mai amalemba pa botolo la mcere kuti asaiwale. Amathandiza munthu wowerenga, koma woitana method sawachula konse. Iye amangolemba mtengo(4). Nanga za cimene method imabweza? Mu Java munthu aloledwa kuitana method ndi kusiya cotuluka cake osacigwiritsa nchito. Zikatero compiler ikaona mtengo(4) ali yekha pa mzere, iribe poyambira kudziwa ngati wolembayo anafuna ija yobweza int kapena ija yobweza double. Pofuna kupewa msokonezo umenewu, okonza Java anagamula kuti cobwezedwa cisawerengedwe konse posiyanitsa ma method. Si zinenero zonse zimene zinagamula motero, pakuti cinenero ca Ada cimalola zimenezi, koma wophunzira Java ayenera kutsata lamulo la nyumba imene alimo.

Pali colakwa cina cimene cimagwira makamaka ophunzira ocenjera. Amalemba method ina yolandira int kenaka double, ndi inanso yolandira double kenaka int. Compiler imavomera ziwirizi, popeza dongosolo lao ndi losiyana. Koma iye akaitana mtengo(4, 300), pamene manambala onse awiri ndi athunthu, pamabwera uthenga wakuti reference to mtengo is ambiguous. Kuti timvetse uthenga umenewu tiyenera kudziwa kuti Java imalola nambala ya int kulowa pamene pafunika double, monga mmene madzi a m'kapu amakwanira m'ndowa. Koma double siloledwa kulowa pamene pafunika int, pakuti madzi a m'ndowa angatayike powathira m'kapu. Tsono pa 4 ndi 300, method yoyamba ingathe kulandira ngati 300 akuzidwa, ndipo yaciwiri ingathenso ngati 4 akuzidwa. Palibe imene iposa inzake, cotero compiler imakana kuombeza, nkubweza mlandu kwa mwini wake.

Amene anayamba ndi cinenero ca Python asanabwere ku Java amakhala ndi cizolowezi cina. Mu Python mukalemba dzina limodzi kawiri, laciwiri limangofafaniza loyamba popanda kukucenjezani. Palinso liu lina lofanana nalo, lakuti overriding, limene limanena za method yolowa m'malo mwa ya kholo lake. Limenelo ndi phunziro la tsiku lina, ndipo wophunzira acita bwino kusazisakaniza.

KUFUNSA KULI NDI MWAMBO WAKE

Akuluakulu anati safunsa anadya phula, ndipo pa nchito ya kompyuta mau amenewa ndi oona kotheratu. Palibe wolemba mapulogalamu, ngakhale wa zaka zambiri pa nchito, amene safunsa anzake. Komabe kufunsa kuli ndi mwambo wake. Wodwala amene afika ku cipatala nkungonena kuti "ndikudwala", osachula pamene pakuwawa kapena tsiku limene zinayamba, amavutitsa dokotala ndipo amadzicedwetsa yekha. Momwemonso wophunzira amene angoti "pulogalamu yanga ikukana" wapatsa womuthandiza nchito yoyamba kufufuza kucokera pa mzere woyamba.

Wofunsa bwino amafika nati: "Aphunzitsi, ndalemba ma method awiri a dzina la mtengo, onse olandira int, koma imodzi ibweza double. Compiler ikukana pa mzere wa 9 ndi mau akuti already defined. Ndayesa kusintha maina a zolandira koma sizinathandize." M'mau owerengeka amenewa muli zonse: cimene anafuna, cimene analemba, uthenga weniweni wa compiler pamodzi ndi nambala ya mzere, ndi cimene wayesa kale. Kawirikawiri munthu amene wakonza funso lake mwa njira imeneyi amapeza yankho ali m'njira asanafike kwa aphunzitsi. Ndi bwinonso kucotsa zonse zosakhudza vutolo ndi kubwera ndi mizere yocepa yokha imene ikuonetsa kukanako, m'malo mobwera ndi masamba atatu.

Uthenga wa compiler uyenera kuwerengedwa wonse, ndipo ngati mauthenga ali ambiri, woyamba ndiwo wofunika, popeza otsatira nthawi zambiri amakhala ana a woyambayo. Ophunzira ambiri akaona zilembo za Cingelezi zitandandalika amacita mantha nkutseka maso, conseco mmenemo ndi mmene mwalembedwa dzina la matenda. Nthawi zina matendawo sakhala a overloading konse. Uthenga wakuti non-static method cannot be referenced from a static context umangotanthauza kuti wolembayo waiwala liu lakuti static pa mutu wa method imene akuitana kucokera mu main. Wophunzira wosawerenga angathe kutha usiku wonse akusinthasintha ma parameter amene analibe mlandu uliwonse.

Kwa othandiza nakonso kuli mau. Mnzako wa caka caciwiri amene atenga kompyuta yako, nkulemba mizere itatu mofulumira, nkukubwezera pulogalamu ikuyenda, amaoneka ngati wacifundo, koma ife tiona kuti wakubera phunziro limene makolo ako analipirira pogulitsa cimanga ndi nshawa. Wothandiza weniweni manja ake amakhala kumbuyo. Amati: "Tawerenga uthengawo mokweza. Uli pa mzere uti? Zimene waika m'mabulaketi ndi zingati? Ya mtundu wanji yoyamba? Nanga mwa ma method ako, ndi iti imene ingalandire zimenezo?" Njira imeneyi imatenga nthawi yotalikirapo ndipo wofunsayo mwina amanyinyirika, koma mafunso amenewa ndi omwewo amene compiler imadzifunsa, ndipo munthu akawazolowera amayamba kuona mzere monga mmene makina amauonera.

Kuyambira kumapeto kwa 2022, pamene ChatGPT inatulutsidwa, kwabwera mnzake wina wosatopa amene amayankha usana ndi usiku pa foni. Makina otere angathe kulemba nchito yonse ya mtengo wa cimanga m'kamphindi. Sitikunena kuti asagwiritsidwe nchito. Wophunzira amene awapatsa uthenga wa compiler nkuwapempha kuti amufotokozere tanthauzo lake wacita bwino, malinga ngati ayesa yekha pa kompyuta zimene auzidwa, pakuti makinawa amalakwanso ndipo amalakwa molimba mtima. Koma amene angokopera yankho lonse adzakumana ndi funso lomwelo m'cipinda ca mayeso, kumene kulibe foni kapena mnzake, ndipo funsolo lidzakhala lakuti: mwa ma method atatu awa, ndi iti imene idzaitanidwa?

PAMENE COMPILER IKHALA CETE

Zolakwa zonse tachulazi ndi zacifundo, cifukwa compiler imakuwa ndipo pulogalamu siyenda. Zoopsa ndi zimene zimadutsa mwakacetecete. Tibwerere kwa wogula cimanga uja. Wophunzira wakonza zonse, ma method atatu aja avomerezedwa, ndipo aphunzitsi acongako. Tsono mlimi wabwera ndi cimanga cotsala colemera makilogalamu 25, ndipo wolemba pulogalamu walemba mtengo(25). M'maganizo mwake akunena makilogalamu, ndipo akuyembekezera K150. Koma 25 ndi nambala yathunthu, ndi int, ndipo compiler imayamba yafuna method imene mtundu wake ufanana ndendende ndi cimene capatsidwa. Ikaisowa ndi pamene imayang'ana ya mtundu wokulirapo. Pano siisowa. Imasankha method ya matumba, nkuwerengera matumba 25, nkutulutsa K7,500. Palibe uthenga uliwonse wocenjeza. Kuti method ya makilogalamu iitanidwe, panayenera kulembedwa 25.0, ndipo kadontho kamodzi kameneka ndiko kasiyanitsa K150 ndi K7,500.

Misampha yotere iripo ngakhale m'zida zimene okonza Java anapanga okha. Mukalamula println kulemba cilembo 'a' imalemba a, koma mukalemba 'a' + 1 imatulutsa 98, osati b, cifukwa kuphatikizako kwasandutsa cilembo kukhala int, ndipo nambala ya cilembo a ndi 97. Msampha wochuka kwambiri uli mu List, cida cosungira zinthu m'ndandanda. Muli ma method awiri a dzina lakuti remove: ina imacotsa cinthu cimene ciri pa malo amene mwachula, ina imacotsa cinthu ceniceni cimene mwachula. Pamene ndandandayo inali ya mau panalibe vuto. Koma kuyambira pa Java 5 ya mu 2004, imene inalola manambala wamba kuikidwa m'ndandanda mosavuta, ma method awiriwa anayamba kusokoneza anthu. Ngati m'ndandanda muli 10, 20 ndi 30, ndipo mwalemba remove(1), imacotsa 20, pakuti malo amawerengedwa kuyambira pa 0. Mukalemba remove(10) poganiza kuti mukucotsa nambala 10, pulogalamu imagwa, cifukwa ikufunafuna malo a nambala 10 m'ndandanda ya zinthu zitatu.

Kaamba ka zimenezi wophunzira asakhutire ndi kuona kuti pulogalamu yayenda. Aitane method iriyonse payokha ndi manambala amene yankho lake waliwerengera kale pa pepala. Njira ina yosavuta ndi kuika println m'kati mwa method iriyonse kuti idzichule yokha, ina ilembe kuti "ndine wa matumba", ina kuti "ndine wa makilo". Akatero amaona ndi maso ake imene yasankhidwa, ndipo safunikanso kuombeza.

Pali funso lina limene wothandiza wanzeru amafunsa nchito ikatha: kodi ma method awa anayeneradi kukhala ndi dzina limodzi? M'kalasi yankho ndi inde, popeza aphunzitsi afuna kuona ngati phunzirolo lamveka. Pa nchito yeniyeni yokhudza ndalama za anthu nkhani imasintha. Math.max ya int ndi Math.max ya double zimacita cinthu cimodzi comweco, kotero ngakhale compiler isankhe iti, tanthauzo silisintha. Koma mtengo wa matumba ndi mtengo wa makilogalamu ndi nchito ziwiri zosiyana zimene zabisala pansi pa dzina limodzi. Joshua Bloch, amene anakonza zida zambiri za Java kuphatikizapo List yomweyo, analangiza m'buku lake la Effective Java, lotuluka koyamba mu 2001, kuti overloading igwiritsidwe nchito mosamala, makamaka pamene ma method ali ndi ciwerengero cofanana ca zolandira, ndi kuti kuwapatsa maina osiyana kumakhala kotheka nthawi zonse. Java yomweyo inacita zimenezi pa zida zake zina zolembera, kumene kuli writeInt, writeDouble ndi writeBoolean m'malo mwa dzina limodzi.

Kwa wogula cimanga wathu, ndiye kuti method yoyamba ichedwe mtengoWaMatumba ndipo yaciwiri ichedwe mtengoWaMakilo. Zikatero wolemba mtengoWaMakilo(25) sayeneranso kukumbukira kadontho, pakuti pa dzina limenelo pali method imodzi yokha. Compiler imakuza 25 kukhala 25.0, ndipo mlimi amalandira K150 yake.